Koyilo ya mainchesi 15: musanagule, yesani kaye dothi lanu

Achimwene, mwafunsa ngati mungasiye koyilo (mbale ya kunsonga kwa ndodo imene imamva chitsulo) ya mainchesi 11 yomwe inabwera ndi makina anu ofufuzira zitsulo pansi a Equinox 800 n'kugula yaikulu ija ya 15 x 12, popeza mumasaka golide cha ku Mazowe ndi Shamva kuno ku Zimbabwe ndipo mukufuna kuti makina azifika pansi kwambiri. Madolawo asungeni kaye. Kuzama kumatengera kukula kwa chinthu chomwe chakwiririka, osati koyilo yokha.

Pa chitsulo chachikulu ngati khasu lakale kapena golide wonga chibakera, koyilo yaikulu imazamadi. Pa ndalama yachitsulo mumangowonjezera pang'ono. Koma pa kagolide konga njere ya mapira mumaluza, chifukwa koyiloyo imamva dothi lambiri nthawi imodzi ndipo kaphokoso ka kanthu kakang'ono kamamira m'phokoso la dothilo. Golide amene anthu amatola pamwamba nthawi zambiri ndi wamng'ono choncho, ndiye ganizirani bwino.

Vuto lenileni ndi katondo wa kumeneko. Dothi lofiiralo lili ndi chitsulo chambiri, komanso muli miyala ija timati ma hot rock, yoliritsa makina ngati chitsulo. Ndi koyilo yaikulu makina amalira chisawawa, inu n'kutsitsa sensitivity (mphamvu ya makina yomvera), mwina kuchoka pa 22 kufika pa 16, ndipo kuzama komwe munalipira kwathera pomwepo. Mawaya a magetsi a ZESA nawonso amaisokoneza kwambiri kuposa yaing'ono. Pa malo a misomali ndi zitini, monga pa bwinja, pansi pa koyilo pamakhala zinthu ziwiri kapena zitatu nthawi imodzi ndipo msomali umabisa chabwinocho. Pamenepo ya mainchesi 6 ndiyo imagwira ntchito.

Yesani motere musanagule, ndipo ngati wina pagulu pano ali nayo ya 15, mubwerekeni tsiku limodzi. Kumbani dzenje lakuya masentimita 40 pamalo pomwe mumasakapo, osati pabwalo la kunyumba ku Mufakose. M'khoma la dzenjelo boolani timabowo cham'mbali pa masentimita 10, 20 ndi 30, kuti dothi la pamwamba pa chinthucho likhale losagumulidwa. Dothi lofukulidwa kumene limanamiza. Mangani pa kamtengo kachidutswa ka mtovu wa pa mbedza kosakwana galamu imodzi, pa kamtengo kena ndalama yachitsulo, muzilowetsa m'mabowomo. Mtovu waung'ono umalira mofanana ndi golide waung'ono. Pa koyilo iliyonse yambani ndi kuika makina pa Gold 1 (posakira golide), kenako noise cancel yochotsa phokoso la magetsi, kenako ground balance yozoloweretsa makina dothilo: kwezani ndi kutsitsa koyilo pamalo opanda chitsulo mpaka phokoso litakhazikika. Mukatero kwezani sensitivity mpaka makina ayambe kubwebweta, bwererani pang'ono. Lembani pomwe koyilo iliyonse yasiyira kumva. Mukatero simufunsanso munthu.

Mukaona kuti malo anu ndi oyera, munda wotambalala wopanda zinyalala, dothi la mchenga, ndiye gulani, imamaliza malo mwachangu. Koma dziwani izi. Koyilo sizisinthana: ya makina a kampani zina monga Garrett kapena Nokta siigwira pa Equinox, ngakhale pulagi itaoneka yofanana. Zabodza zilipo zambiri, choncho muilumikize pa makina anu wogulitsa ali pomwepo, muigogode pang'ono ndi chala ndi kugwedeza waya. Ikalira popanda chitsulo pafupi, isiyeni, mkati muli chomasuka.

Kulemera musakupepute. Koyilo ili kunsonga kwa ndodo, ndiye pakatha maola awiri phewa ndi chigongono zimayaka moto, mumayamba kuikweza nthawi iliyonse mkono ukafika kumapeto poiyendetsa, ndipo sentimita iliyonse yomwe mwaikweza mwaichotsa pa kuzama. Fupikitsani ndodo, gulani lamba wa paphewa wokhala ndi chingwe chotamuka. Yendetsani pang'onopang'ono, koyilo ikukhudza udzu, mzere uliwonse uziphimba theka la wapitawo. Bawuti ya pulasitiki musaimange mwamphamvu, makutu a koyilo amathyoka. Timawashala ta labala tikatha, sinthani. Waya muzungulize pa ndodo mothina koma musiye mpata pang'ono pansi kuti koyilo izipendekeka bwino. Chivundikiro cha pansi muzichivula madzulo n'kuchotsa fumbi, poti katondo akalowamo makina amalira ngati mwapeza kanthu.

Ngati cholinga ndi golide wamkulu wakuya m'dothi lofiira, koyilo yokha siithetsa nkhani. Imeneyo ndi ntchito ya makina a mtundu wina otchedwa pulse induction, amene katondo sawasokoneza kwambiri, monga GPX 5000 okhala ndi koyilo ya mtundu wa mono, ndipo mtengo wake ndi wina.

Ndiponso, achimwene, mapepala akhale m'thumba. Kusaka golide kuno kumafuna laisensi ya ku unduna wa za migodi, kusunga golide popanda chilolezo ndi mlandu waukulu, ndipo m'munda wa munthu mumayamba mwapempha. Malo a mbiri yakale otetezedwa ndi National Museums and Monuments of Zimbabwe musakumbemo n'komwe.