Funsani amakaniko: kuchotsa otomatiki n'kuika manual

Funso: Zikomo akonzi. Ndili ndi Prado ya 1998 ya dizilo, injini 1KZ, otomatiki. Ndimakhala ku Area 25 koma munda wanga uli cha ku Kasiya, ndipo dzinja likafika msewu umakhala matope okhaokha. Masiku ano galimoto ikatentha imachedwa kulowa giya, pachitunda injini imangolira koma liwiro palibe. Anzanga akuti ndingochotsa otomatikiyo ndiike manual, ati ndi ntchito ya masiku awiri ku Biwi. Kodi n'zotheka? Pamafunika chiyani? *Bambo wa ku Area 25*

Yankho: N'zotheka, bambo. Prado ya mtundu wanuwo, imene Toyota inapanga kuyambira 1996 mpaka 2002, inkatuluka ku fakitale ili pawiri: ina ndi otomatiki yotchedwa A343F, ina ndi manual ya magiya asanu yotchedwa R150F, zonse kumbuyo kwa injini yomweyo ya 1KZ-TE. Zitsulo zake zilipo ndipo zimagwirizana. Koma za masiku awirizo ayi. Onena choncho amangowerengera kutsitsa giyabokosi ndi kukweza inzake, amaiwala mapedo, mawaya ndi tizitsulo ting'onoting'ono timene timadzasowa galimoto ili kale pamajeke.

Musanagule kanthu, yambani mwadziwa chimene chikudwala. Yendani mpaka injini itenthe, imani pamalo osapendekeka, ikani pa P injini ikulira, musolole dipisitiki ya giyabokosi n'kupukutira pansalu yoyera. Oyilo wabwino amakhala wofiira bwino. Akachepa, galimoto imachita ndendende zimene mwafotokozazo. Akakhala woderako, wonunkha ngati nsima yopserera, ndiye kuti mapuleti a m'kati apsa. Akaoneka ngati mkaka wofiirira, mwalowa madzi: oyilo ameneyu amakazizira m'kapaipi kodutsa m'munsi mwa rediyeta, ndipo kapaipiko kakabooka madzi ndi oyilo zimasakanikirana. Aonenso kebulo yochokera ku injini kupita ku giyabokosi, chifukwa ikakhwepa mphamvu ya oyilo imatsika ndipo magiya amaterereka. Atsitse sampu aone sefa, ayeze masolenoidi, timavavu ta magetsi tosintha magiya. Ngati getsi la O/D OFF likuphethira pa dashibodi, kompyuta yasunga kale uthenga wa chimene chavuta, awerenge umenewo. Oyilo wa giyabokosi imeneyi ndi wa Dexron, musalole kuti athiremo wina aliyense wopezeka pashelefu.

Zikapezeka kuti yapsadi, funsani mitengo iwiri: wa A343F ina yamoyo, imene imangolowa osasintha kanthu, ndi wa ntchito yonse yosinthira ku manual. Kawirikawiri woyambawo ndi umene umatsika. Ngati mtima wanu ukadali pa manual, lamulo lake ndi limodzi: zonse zichokere m'galimoto imodzi yakufa, Prado ya mtundu womwewo, injini yomweyo, chiwongolero kumanja. Kutola chitsulo uku ndi uku ndiko kumagoneka galimoto pagalaja miyezi. Chenjerani ndi katundu wochokera ku Dubai, chifukwa kumeneko chiwongolero chimakhala kumanzere. Giyabokosi itha kulowa, koma mapedo ndi mapaipi a kilatchi sangagwire pa yanu.

Chotsani m'galimoto yakufayo giyabokosi pamodzi ndi bellhousing (chigoba choilumikiza ku injini) ndi transfer yake (bokosi logawira mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo) osalekanitsa, foloko ya kilatchi, flywheel (mbale yolemera yakumbuyo kwa injini imene kilatchi imagwirapo), mapedo onse ndi chitsulo chimene amapachikidwapo, paipi ya kilatchi, crossmember (chitsulo chopingasa chonyamula giyabokosi) ndi mounting yake, mapropshaft (mashafti opita ku madifu) onse awiri, ndodo za magiya, malabala ake ndi pulasitiki yapakati, kompyuta ya injini ndi mawaya opita ku giyabokosi. Sitata nayo itengeni, kuti ngati yanu sikugwirizana ndi mano a flywheel musayambenso kusaka. Mabawuti aliwonse muwasunge m'timapepala tolembedwa. Transfer ikhale ya Prado ndithu. Hilux Surf ili ndi injini yomweyo ndipo ogulitsa ena adzakuuzani kuti n'chimodzimodzi, koma Prado yanu imakoka ndi matayala onse anayi nthawi zonse kudzera m'difu yapakati, pamene makonzedwe a Surf ndi ena.

Zogula zatsopano ndi izi, ndipo apa musaumire: kilatchi yathunthu, ndiye kuti puleti, pressure plate ndi release bearing; pilot bearing; silo yakumbuyo kwa crankshaft; mabawuti a flywheel; master ndi slave cylinder (masilinda otumiza mphamvu ya phazi ku kilatchi), kapena makiti ake. Zonsezi kupatula masilindawo zimakhala m'kati, ndipo chimodzi chikafa muyenera kutsitsanso giyabokosi yonse.

Pa ntchito yeniyeniyo, choyamba ndi kuchotsa batire. Mabawuti omanga torque converter (chimene chimagwira ntchito ya kilatchi mu otomatiki) ku flexplate (mbale yopyapyala yakumbuyo kwa injini) amasulidwe giyabokosi isanatsike, kuti converter itsikire pamodzi ndi giyabokosi. Flexplate ichoke ndi timbale take tonse. Kambale kotsalira kumbuyo kwa crankshaft kamapendeketsa flywheel. Mabawuti a flexplate ndi aafupi, sangamange flywheel, ngakhale atagwira mano awiri atatu. Flywheel ipite kaye ku makina akaisalaze, ikamangidwa iyezedwe, isagwedezeke kupitirira 0.1 mm. Kumanga kwake n'kwa torque wrench, modumphadumpha, pa muyezo wa m'buku la injiniyo, osati kukoka ndi paipi mpaka bawuti lilire.

Pilot bearing ndi kanthu kokwana m'dzanja, koma ndi kamene kamaiwalika kwambiri, poti injini ya otomatiki imabwera ilibe. Kamalowa m'bowo la kumapeto kwa crankshaft n'kumagwira nsonga ya shafti ya giyabokosi. Popanda iko shaftiyo imavina, imadya beringi ndi silo yakutsogolo, oyilo n'kuyamba kunyowetsa kilatchi yatsopano ija. Puleti ya kilatchi ili ndi mbali yake yoyang'ana ku flywheel, ndipo iikidwe pakati penipeni ndi chida chake. Giyabokosi ikakana kufika, musaikoke ndi mabawuti. Itulutseni muone chimene chatchinga.

M'kati mwa galimoto ndi mmene muli ntchito yowawitsa msana. Malo a master cylinder pachitsulo cholekanitsa injini ndi okwera nthawi zambiri amakhala ndi chizindikiro kale, boolani pomwepo. Mphamvu ya phazi inyamulidwe ndi chitsulo cha mapedo, chifukwa master ikangopachikidwa palata lokha, latalo limang'aluka pakapita nthawi. Pedo ya buleki ya otomatiki ndi yotambalala, imaphana malo ndi ya kilatchi. Ikani yopapatiza ya manual. Mu master thirani oyilo wa buleki wa DOT 3, tulutsani mpweya wonse, ndipo pedo ikhale ndi kampata ka 5 mpaka 15 mm isanayambe kulimba. M'giyabokosi muthire oyilo wa 75W-90 mpaka ayambe kutuluka pabowo lothirira, galimoto ili poyima bwino. Timapaipi tiwiri ta pa rediyeta tija mutseke kuti musalowe fumbi.

Mudziwiretu kuti galimoto idzasintha khalidwe. Muyezo wa giya yoyamba ya R150F ndi 3.830 pamene wa A343F ndi 2.804 (nambala ikakula, injini imazungulira kwambiri pa liwiro lomwelo), ndiye potsika malo ngati Khwekhwerere injini idzakugwirirani bwino osatenthetsa mabuleki. Koma giya yomaliza ya manual ndi 0.838 pamene ya otomatiki ndi 0.753. Pamene injini inkazungulira maulendo 2,400 pa mphindi mumsewu wa M1, pa liwiro lomwelo izizungulira pafupifupi 2,670. Madifu asiyeni mmene alili. Kusintha imodzi yokha kumapangitsa matayala akutsogolo ndi akumbuyo kulimbana. Ngati speedometer yayamba kunama, yerekezani mzere wa TRANS/AXLE pakachitsulo ka m'boneti ka galimoto zonse ziwiri, mwina madifu ake ndi osiyana ndipo kagiya ka sensa kafunika kusintha.

Funso: Hilux Surf yanga anaisintha kale miyezi itatu yapitayo. Kuyenda ikuyenda, koma magetsi a rivesi sayaka, kiyi amakanirira pochotsa, getsi lina likungophethira, ndipo ikafika pa 80 imanjenjemera mpaka galasi lapakati silioneka. Tsiku lina mwana anaikhudza kiyi ili m'giya, inadumpha n'kugunda mpanda. Kodi anandiwonongera? *Mayi wa ku Area 47*

Yankho: Pepani mayi, koma sinawonongeke, ntchito anaisiyira panjira. Tiyambe ndi choopsacho. Pa otomatiki pamakhala switchi imene imalola sitata kuzungulira pa P ndi N pokha. Giyabokosi ikachoka, switchiyo imapita nayo, ndipo amakaniko ambiri amangolumikiza mawaya ake awiri kuti galimoto ilire. Ikatero imalira m'giya iliyonse. Pamafunika switchi pa pedo ya kilatchi, yodzera pa relay, kuti sitata izizungulira pokhapokha mwaponda kilatchi mpaka pansi. Isanakonzedwe, kiyi asamakhale pofikira ana, ndipo handibuleki ikhale yolimba, chifukwa P imene inkakugwirirani galimoto kulibenso.

Magetsi a rivesi ankadzeranso pa switchi yomweyo. Giyabokosi ya manual ili ndi kaswitchi kake pambali, ka mawaya awiri. Wamagetsi apeze pa pulagi yakale waya wobweretsa moto ndi wopita kumagetsi akumbuyo, awafikitse pa kaswitchiko. Ayeze ndi mita, asamangoyang'ana mitundu ya mawaya, ndipo polumikiza pawotchereredwe n'kukutidwa bwino, chifukwa pansi pa galimoto pamafika madzi.

Kiyi akukanirira chifukwa galimoto ikudikirabe kuti muike pa P. Pafupi ndi poloweka kiyi pali kasolenoidi kamene kamamugwira, ndipo kamalamulidwa ndi kabokosi ka pansi pa pulasitiki yapakati. Kuzula pulagi ya kasolenoidiko kumathetsa vutolo. Pa magalimoto ena ntchito imeneyi imagwiridwa ndi kebulo, ndiye imachotsedwa kebuloyo.

Getsi lophethira ndi kompyuta imene ikufunafuna masolenoidi ndi sensa za giyabokosi yakale. Ena amangozula babu. Ife sitivomereza zimenezo, chifukwa tsiku limene padzabwere vuto lenileni simudzalidziwa. Pezani kompyuta ya manual ya injini yomweyo ndi zaka zomwezo, wamagetsi ayerekeze mapini ndi chithunzi cha mawaya asanailumikize. Pampu ya dizilo ya 1KZ-TE imalamulidwa ndi kompyuta, si ya makina okhaokha ngati ya injini ya 1HZ, ndiye kulakwitsa pini kutha kuzimitsa injini kapena kuotcha kompyutayo. Ngati kiyi wanu ndi wa chip, kompyuta yatsopano iyenera kugwirizanitsidwa naye.

Kunjenjemera pa liwiro limodzi lokhalokha kumaloza ku propshaft. Magiyabokosi awiriwa satalika mofanana, ndiye mwina anadula yakale n'kuwotcherera osaibalansa, kapena polumikiza anasemphanitsa mafoloko a kumapeto, amene ayenera kuyang'ana mbali imodzi. Gwadani muyang'ane: mukaona mzere wa wotcherera pakati pa paipi, ndi pomwepo. Aonenso polowana shaftiyo. Ikatalika kwambiri imafika pamapeto galimoto ikagwa m'dzenje n'kumenya beringi ya transfer. Ikafupika itha kusolokeratu. Ndipo ngati crossmember anangoitchinjiriza ndi mawashala kapena kuboola mabowo ena, giyabokosi yakhala mopendekeka, ndipo ngakhale propshaft yabwino idzanjenjemera. Musapite nayo ulendo wautali isanakonzedwe.

Funso: Ine ndikufuna manual chifukwa batire likatha anthu amangokankha, komanso akuti m'matope ndi yabwino kuposa otomatiki. N'zoona? *Mnyamata wa ku Mitundu*

Yankho: Theka n'zoona, achimwene. Manual imalira ndi kukankha ngati batire langofooka. Likatheratu, injini ya pampu ya magetsi ngati 1KZ-TE siingalire ngakhale mudzi wonse ukankhe, chifukwa kompyuta ndi pampu zimafuna moto, ndipo m'mawa wa June ma glow plug nawo amafuna wawo.

Za matope, otomatiki si yofooka. Imapereka mphamvu mosadukiza, pamene manual mukaponda kilatchi pakati pa thope kapena mchenga galimoto imaima nthawi yomweyo. Ndi manual mumasankhiratu giya musanalowe, kawirikawiri yachiwiri kapena yachitatu ya low range, phazi n'kuchoka pa kilatchi mpaka mutatuluka. M'madzi lamulo ndi lomwelo: kuponda kilatchi kumatsegula mpata woti matope alowe pakati pa puleti ndi flywheel. Pamene manual imapambanadi ndi potsika phiri, pokoka katundu wolemera nthawi yaitali chifukwa palibe oyilo wotentha m'converter, komanso ikafera kutali, poti otomatiki siikokedwa mtunda wautali injini itazima popanda kumasula mapropshaft. Walira mvula walira matope: mwendo wamanzere udzaimva mumzere wa magalimoto wa pa mlatho wa Lilongwe madzulo, ndipo woyendetsa wokonda kugoneka phazi pa pedo amamaliza kilatchi msanga. Ngati vuto lanu ndi kutitimira kokha, yambani ndi matayala oyenera ndi kuchepetsako mpweya polowa pofewa.

Funso: Nanga mapepala? Kodi ndikasintha giyabokosi ndiyenera kudziwitsa aliyense? *Wowerenga wa ku Kawale*

Yankho: Pitani ndi blue book ku ofesi ya Road Traffic ntchito isanayambe, mukafunse ngati kusinthako kukufunika kulembedwa pa mapepala a galimoto yanu. A inshuwalansi alembereni kalata, musunge kope, kuti pakadzachitika ngozi pasadzakhale chokanira. Sungani malisiti a zonse zimene mwagula, polembedwa nambala ya giyabokosi ndi dzina la wogulitsa. Musanapite ku COF, yesani nokha magetsi a rivesi, magetsi a buleki popeza pedo yasinthidwa, speedometer, ndi handibuleki pamalo otsetsereka.