Kodi mtima sufa akauimitsa pa opaleshoni?

FUNSO: Adokotala, amuna anga anawapeza ndi mitsempha itatu ya mtima yotsekeka, ndipo akukonzekera kupita ku India kukachitidwa opaleshoni ya bypass. Tamva kuti madokotala amayamba auimitsa mtimawo. Kodi mtima woima suwonongeka?
Mayi wa ku Chinamwali, Zomba

YANKHO: Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka, koma dziwani kuti kuimitsako ndiye njira yotetezera mtimawo. Pa opaleshoniyi amatenga mtsempha wa m'mwendo, m'chifuwa kapena m'dzanja n'kuulumikiza kuti magazi azilambalala potsekeka paja. Mitsempha ya mtima ndi yaing'ono kwambiri, choncho kuisoka kumafuna kuti mtima ukhale chete.

Asanauimitse, amalumikiza wodwalayo ku makina amene amagwira ntchito ya mtima ndi mapapo, omwe dokotala wa ku America, John Gibbon, anawagwiritsa ntchito bwinobwino koyamba mu 1953. Makinawa amapititsa magazi ku ubongo, impso ndi thupi lonse, koma dokotala akapana mtsempha waukulu wa aorta, mnofu wa mtima umatsala wopanda magazi, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Nthawi yomweyo amathira m'mitsempha ya mtima mankhwala otchedwa cardioplegia, okhala ndi potaziyamu wambiri, amene amaimitsa mtima uli womasuka, wosakungika. Mtima wopuma chotere umafuna mpweya wa okosijeni wochepa kwambiri, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a umene umafuna pogunda, ndipo popeza mankhwalawa kawirikawiri amakhala ozizira pafupifupi madigiri 4, kufunika kwa mpweyawo kumatsikiratsikira. Ambiri amawasakaniza ndi magazi a wodwala yemweyo n'kumabwereza pa mphindi 15 kapena 20 zilizonse. Poti mitsempha ya bambowa ndi yotsekeka, dokotala angathe kuwalowetsanso chobwerera kudzera mu mtsempha wotulutsa magazi m'mnofu wa mtima, kuti afike paliponse.

Akamaliza kusoka amachotsa chopanira chija, magazi ofunda amatsuka potaziyamu, ndipo mtima umayambanso kugunda, nthawi zambiri wokha, mwina mothandizidwa ndi magetsi pang'ono. Chiopsezo sichitheratu, makamaka ngati mtima unafooka kale kapena opaleshoni yatalika, n'chifukwa chake ndikukupemphani kuti mukafunse wochita opaleshoniyo za mphamvu ya mtima wa bambowa, komanso ngati njira yosoka mtima ukugunda ingawayenere. Pakadali pano fodya asiyiretu, shuga ndi BP aziyezetsa ku chipatala chachikulu cha Zomba, ndipo asasiye mankhwala alionse, ngakhale asipirini, dokotala wawo asanawauze.