Thanki yosapsa imaoneka bwinobwino kunja

Mayi wina wogulitsa mathanki a madzi apulasitiki wandilembera kuti ena akung'aluka chaka chisanathe. Akufunsa ngati angadziwe kuti thanki inapsa bwino mu uvuni popanda kuidula.

Mayi, mwandikhudza pachilonda. Ndinagwirapo ntchito pafakitale ina ya mathanki pomwe bwana ankakhulupirira wotchi basi. Tinkathira ufa wa pulasitiki yotchedwa polyethylene m'chikombole chachitsulo, chikombolecho n'kumazungulira mu uvuni mpaka ufa usungunuke n'kumata m'makoma. Mphindi zikakwana, tulutsani! Kaya ndi m'chisanu cha Juni, kaya gasi wachepa mphamvu, mphindi zake zomwezo. Tikadandaula ankati makasitomala akudikira.

Koma wotchi sidziwa zimene zikuchitika m'chikombole. Chofunika ndi kutentha kwa mpweya wa m'katimo, komwe pa polyethylene kumayenera kufika pafupifupi madigiri 200 Celsius. Si nzeru yatsopano ayi. Ku yunivesite ya Queen's University Belfast, ku Northern Ireland, gulu la Pulofesa Roy Crawford linapanga kale chipangizo chotchedwa Rotolog, choyezera kutentha kumeneku chikombole chili mkati mozungulira. Ndiye fakitale yomwe mpaka lero ikuphika ndi wotchi yokha ikusewera ndi miyoyo. Thanki ya malita 5,000 imasenza matani asanu a madzi, ndipo ambiri timaikweza pansanja, ana akusewera pansi pake. Chimandipweteka kwambiri n'chakuti ikang'aluka, amanyozedwa ndi wogulitsa ngati inu, pomwe amene anaiphika ali phee.

Tsono mungatani?

Tsegulani chivundikiro, muunike ndi tochi. Mkati mukakhala mokhakhala, mwina ufa n'kumatsalira m'zala, thankiyo ndi yaiwisi. Mukakhala monyezimira kwambiri, mwachikasu kapena mofiirira, ndi fungo la kupserera, inapitirira, ndipo nayonso imasweka msanga. Pa thanki yakuda mtundu suoneka bwino, choncho sungani kachidutswa kamene kamatuluka poboola malo a mpopi, mukayang'ane m'mbali mwake ndi galasi lokulitsa zinthu. Timabowo ta mpweya tambirimbiri m'khomamo tikusonyeza kuti inatulutsidwa msanga.

Kachipangizo ka ultrasound, kogwiritsa ntchito mafunde a phokoso losamveka m'makutu, kamayeza kuchindikala kwa khoma osadula paliponse, koma khoma lochindikala limathanso kukhala laiwisi. Funsani fakitale ikuonetseni zolemba za kutentha kwa m'chikombole. Ikazemba, kaodeni kwina.