Kupatsira mpira wotsiriza si mantha

Achimwene, nkhani yakuti LeBron James, katswiri wa basketball wa ku America, amathawa mpira wotsiriza ndaimva kwa zaka zambiri, ndipo nthawi iliyonse imandibaya ngati akunena ine, choncho mundikhululukire ndikatalikitsa. Abale amene ayankha kale kuti Michael Jordan anafika m'mafainali 6 n'kutenga zikho 6, pamene LeBron wafika m'mafainali 10 n'kutenga 4 zokha, sananame, koma manambala amenewo sakutiuza ngati munthu wopatsira mnzake mpira masekondi akutha ndi wamantha kapena ayi.

Mu 2007, pa masewero oyamba olimbana ndi Detroit (pa gawo limeneli matimu awiri amakumana mpaka ina itapambana masewero anayi), Cleveland, timu ya LeBron, inali m'mbuyo ndi mapointi awiri. LeBron, ali ndi zaka 22 zokha, analowa ndi mpira mpaka pafupi ndi dengu, adani anamuunjikira, ndipo iye anaona Donyell Marshall ali yekhayekha pakona n'kumupatsira. Marshall anaphonya, ndipo mawa lake anthu anadzuka akunena kuti mnyamatayo alibe mtima. Patangopita masiku ochepa, pa masewero achisanu, pabwalo la Detroit lomwelo, anachinya mapointi 48, ndipo 25 otsiriza a timu yake onse anali ake. Tsono mukumbukire 1997, pamene Chicago ya Jordan ndi Utah anali 86 kwa 86 pa masewero achisanu ndi chimodzi a fainali: Jordan atazingidwa ndi anthu awiri anapatsira Steve Kerr, Kerr anachinya, ndipo mpaka lero timauzidwa kuti imeneyo inali nzeru ya katswiri. Maganizo a anthu awiriwa anali amodzi. Chosiyana n'chakuti mpira wina unalowa ndipo wina sunalowe, ndipo pa onse awiriwo woponya sanali Jordan kapena LeBron.

Za 2011 sindimuikira kumbuyo. Amene tinadzuka 3 koloko m'bandakucha kukaonera fainali ya Miami ndi Dallas tinaona ndi maso athu LeBron, ali ku Miami, akuzemba mpira, akuima pakona ngati mlendo, n'kutsiriza masewero achinayi ndi mapointi 8 okha, pamene Dirk Nowitzki wa Dallas anasewera usiku womwewo thupi likutentha ndi matenda n'kupambanitsa timu yake. Kumeneko kunali kufooka kwenikweni, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya. Chimene ndikukana ndi kutenga milungu iwiri ya chaka chimenecho n'kuiyesa muyeso wa mpira uliwonse umene munthuyu anapatsirapo mnzake.

Ndikulankhula chonchi chifukwa zinandionekera. Ndili ku sekondale kuno ku Angónia ndinali woyendetsa mpira m'timu ya sukulu yathu, ndipo chaka china tinafika pa fainali ya masewero a masukulu a chigawo mumzinda wa Tete. Tinatsika pa lole kuchokera ku Ulongue, ife ana a kumapiri ozolowera chisanu, n'kukapeza kutentha kumene nonse mukukudziwa, bwalo la simenti likuotcha mapazi kudzera m'nsapato zathu zotha kunsi. Anyamata a mumzinda anali aatali kutiposa, anali ndi ochemerera odzaza mbali zonse, komabe tinalimbana nawo mpaka kumapeto, ndipo kutatsala masekondi osakwana 10 tinali m'mbuyo ndi pointi imodzi yokha, mpira uli wathu.

Kochi wathu anapempha nthawi yopuma, anagwada pansi, natulutsa choko m'thumba n'kujambula pa simenti. Mawu ake ndimawakumbukira onse, chifukwa anandigwira paphewa powanena. Anati: "Iwe utenge mpira ulowe nawo kumanja. Akakubwerera awiri, usachite zamatama, upatsire amene ali pansi pa dengu." Amene anamuika pansi pa dengu anali mwana wa mlongo wake, mnyamata wamtali amene tinkagona naye chipinda chimodzi.

Ndinalandira mpira, ndinalowa kumanja monga anandiuzira, ndipo anandibwerera awiri, wina kutsogolo manja ali m'mwamba, wina akundikankha ndi bondo m'chiuno woyimbira osaona. Thukuta linali litandilowa m'maso, phokoso la ochemerera linali litasanduka chinthu chimodzi chosamveka, koma pakati pa mikono yawo ndinaona jezi yathu ili yokha pansi pa dengu, popanda mdani ngakhale mmodzi pafupi. Ndinagunditsa mpira pansi kuti udutse pakati pa miyendo ya wakutsogoloyo, ndipo unafika m'manja mwa mnzangayo bwinobwino, pa msinkhu wa chifuwa. Iye analumpha, anauika pa bolodi, mpirawo unazungulira chitsulo chonse, unaima kanthawi ngati ukuganiza, kenaka unagwera kunja. Wezulo inalira mpira usanafike n'komwe pansi.

Mnzangayo anakhala pansi pomwepo n'kuyamba kulira, ndipo ine ndinali kupita kukamudzutsa pamene ndinamva dzina langa likuitanidwa mokuwa. Kochi uja, pamaso pa aphunzitsi, akuluakulu a zamasewero a chigawo, atsikana a timu yathu ya mpira wamanja ndi adani athu omwe, anandiloza chala n'kunena kuti: "Uyu ndiye watigulitsa. Kapitawo wanji woopa kuponya? Mwana wamantha sadzavalanso jezi yanga." Ndinayesa kutsegula pakamwa kuti ndimukumbutse zimene anajambula yekha, koma anali atafuta kale choko chija ndi nsapato, ndipo anzanga onse amene anamva malangizowo anangoweramitsa mitu. Anandivula jezi pomwepo, ndinatuluka m'bwalo ndi kabudula yekha, ochemerera a mumzinda akuseka ndi kuimba malikhweru.

Pobwerera iye anakhala kutsogolo ndi mphwake uja, ine anandiuza kuti ndikhale kumapeto kwa lole pa tayala losungira. Titaima pa Moatize kugula chakudya, ndalama yanga ya chakudya anaigwira, nati wamantha samva njala. Kuchokera pamenepo mpaka pa mphambano ya Mussacama, n'kukwera mapiri mpaka kwathu usiku, palibe amene anandilankhula, ndipo chisanu chitayamba ndinalibe ngakhale chofunda. Sabata yotsatira dzina lakuti "Wogulitsa" linali litafika kale kumsika. Posankha anyamata oti akaimire chigawo, dzina langa silinalembedwe, koma la mphwake linalembedwa.

Mnyamatayo sindinamusungire chakukhosi, chifukwa mpira wotero amauphonya ngakhale amene amalipidwa mamiliyoni. Mkwiyo wanga uli pa munthu wamkulu, bambo wa ana, amene anadziwa choonadi chonse, amene anachita kujambula ndi dzanja lake, koma anaona kuti n'kwapafupi kuphwanya mwana wa eni kusiyana ndi kubwerera kwa akuluakulu ake n'kunena kuti njira inali yabwino koma mpira sunalowe. Anthu otere alipo ambiri m'mabwalo athu, amavala wezulo m'khosi n'kumadzitcha aphunzitsi, pamene ntchito yawo ndi kufunafuna woti amusenzetse mlandu masewero asanathe n'komwe. Ndimakumana naye nthawi zina pa maliro, amandipatsa moni ngati palibe chimene chinachitika, ndipo ndikukhulupirira kuti iye anaiwaladi. Ine ndinasiya basketball chaka chomwecho.

Ndiye mukamanena kuti mnzake Ray Allen ndiye anapulumutsa LeBron pa fainali ya 2013, ndimafuna muyang'ane bwino. N'zoona kuti pa masewero achisanu ndi chimodzi olimbana ndi San Antonio LeBron anaphonya mpira wa mapointi atatu, Chris Bosh anautola n'kupatsira Allen, ndipo Allen anachinya kutatsala masekondi 5.2. Koma masekondi ochepa m'mbuyomo, Miami ili m'mbuyo ndi mapointi 5, amene anachinya mpira wa mapointi atatu wochepetsa mpatawo anali LeBron yemweyo, ndipo pa masewero achisanu ndi chiwiri anachinya 37. Sindinamvepo munthu akunena kuti John Paxson anapulumutsa Jordan mu 1993, ngakhale kuti mpira umene unatseka fainali ya Phoenix unachoka m'manja mwa Paxson. Sindinamvenso otsutsawa akukumbukira kuti Detroit inatulutsa Jordan zaka zitatu zotsatizana, 1988, 1989 ndi 1990, ngati kuti kugonja usanafike pa fainali n'kolemekezeka kuposa kugonja pa fainali.

Za 2016 zokha zikanayenera kutseka pakamwa aliyense. Golden State inali itapambana masewero 73 pa 82 chaka chimenecho, inali patsogolo pa Cleveland ya LeBron 3 kwa 1, ndipo panalibe timu imene inabwererapo kuchokera pamenepo mu fainali. LeBron anachinya 41 pa masewero achisanu, 41 pa achisanu ndi chimodzi, ndipo pa otsiriza, zinthu zili 89 kwa 89, anathamanga kuchokera pakati pa bwalo n'kukatchinga mpira wa Andre Iguodala wa Golden State pa bolodi. Mudzati mpira wopambanitsa anachinya mnzake Kyrie Irving, ndipo n'zoona, koma Irving akanauponyera kuti timu ikanatuluka pa masewero achisanu? Mu 2018 LeBron anachinya 51 pa masewero oyamba a fainali, mnzake J.R. Smith anatola mpira zinthu zili 107 kwa 107 n'kuthawira nawo kunja m'malo moponya, ndipo kugonja kumeneko kukuwerengedwa m'gulu la mafainali 6 amene anagonja, amene mukumunyoza nawo. Mu 2020 anapatsiranso Danny Green ali yekha, Green anaphonya, ndipo anthu anafika pomuopseza kuti amupha. Nkhanza zimene ndinaona pa simenti ya ku Tete ndi zomwezo, kungoti kumeneko zimadutsa pa intaneti.

Ngakhale kuno kwathu tili ndi chitsanzo. Timu yathu ya amayi inagonja kwa Angola pa fainali ya Africa ku Maputo mu 2013, pamaso pa anthu akwawo, ndipo amayi omwewo ndi amene anatengera mbendera ya Mozambique ku mpikisano wa dziko lonse ku Turkey mu 2014. Akanakhala ndi kochi ngati wanga uja, theka la iwo akanavulidwa jezi usiku wa fainali.

Tsono kwa inu amene mumaphunzitsa ana ku Ulongue, ku Tsangano, ku Furancungo ndi kwina konse, pempho langa ndi lakuti masewero akatha musalankhule ndi mwana aliyense za mpira wotsiriza tsiku lomwelo. Mudikire kuche, mumuitane pambali, ndipo ngati njirayo munajambula ndinu, muyambe mwanena zimenezo pamaso pa timu yonse. Muwazoloweze kusewera masekondi 10 otsiriza pa maphunziro aliwonse, ali otopa, anzawo akuwakuwiza, kuti tsiku lenileni lisadzakhale loyamba kumva mtima ukugunda m'makutu.

Koma mwana wanga amene wayamba kusewera chaka chino ndimamuuza zina, ndipo sindibisa. Ndimamuuza kuti mpira wotsiriza ukakupeza uli m'manja mwako, uponye wekha, ngakhale akuzinge awiri, ngakhale kochi atajambula zotani pansi. Ukaphonya adzati unali wodzikonda, ndipo dzina limenelo limatha pakapita mwezi umodzi, pamene la wamantha ine landitsata mpaka ndamera imvi. Madzulo aliwonse ndimamuimika pa mzere, ndimamutchinga ineyo ndi msuweni wake, ndipo sitilowa m'nyumba asanachinye mipira isanu yotsatizana tili pamaso pake.