Kodi phungu wabwino ayenera kukhala loya?

Bambo wina wanditumizira imelo sabata yathayi. Akuti anamva kuti a Barack Obama asanakhale pulezidenti anali senata wa chigawo cha Illinois, ndiye akufuna kudziwa kuti udindowu ndi wotani, komanso ngati chinawakweza ndi uloya.

Zikomo bambo. Ku America chigawo chilichonse chili ndi nyumba yakeyake ya malamulo, yosiyana ndi ya ku Washington. Ya Illinois imakumana mumzinda wa Springfield, ndipo masenata ake alipo 59. A Obama anakhala mmenemo kuyambira 1997 mpaka 2004, akuimira dera la kumwera kwa Chicago.

Uloya anali nawodi. Anamaliza maphunziro a zamalamulo ku Harvard mu 1991, kenako anaphunzitsa za malamulo oyendetsera dziko pa University of Chicago zaka 12. Koma ine ndimaona kuti chimene chinawaumba chinachitika asanapite n'komwe ku Harvard. Kuyambira 1985 mpaka 1988 ankagwira ntchito ndi mipingo m'madera osauka a Chicago, nthawi imene mafakitale a zitsulo anali atatsekedwa, anthu ambiri ali pa ulova. Ku Altgeld Gardens anathandiza anthu okhala m'nyumba za boma kukakamiza akuluakulu kuti achotse asbestos, yemwe amawononga mapapo. Ntchito yotere ndi yoyenda khomo ndi khomo, kumvetsera madandaulo, kuitanitsa msonkhano n'kubwera anthu owerengeka.

Phindu lake linaoneka mu 2003. Chigawochi chinali pa manyazi, chifukwa anthu 13 amene anagamulidwa kuti aphedwe anapezeka kuti anawalakwira, moti mu 2000 bwanamkubwa George Ryan anaimitsa chilango cha imfa. A Obama anatsogolera bilu yoti apolisi azijambula pa vidiyo akamafunsa munthu woganiziridwa mlandu wakupha. Apolisi poyamba anakana kwamtuwagalu. Apa digiri payokha sikanathandiza. Iwo anakhala nawo pansi kambirimbiri, kumva mantha awo, kusintha mawu ena mu biluyo, mpaka apolisiwo anavomera ndipo lamulo linadutsa. Uloya unawathandiza kudziwa mawu oti asinthe popanda kupha cholinga, koma kuleza mtima kokambirana ndi wokutsutsa anakutenga kumisonkhano ya m'matchalitchi ija.

Musaganizenso kuti zonse zinkawayendera. Mu 2000 anapikisana ndi a Bobby Rush pofuna kupita ku Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lonse ya ku Washington ija, ndipo anagonja moonekeratu. Ena m'deralo ankawaona ngati wophunzira wa ku Harvard wobwera, osati mwana wa pakhomo.

Kwathu ku Malawi malamulo safuna digiri iliyonse kwa phungu. Amangofuna nzika ya zaka 21 kapena kuposa, yolembetsa m'kaundula wa voti, yotha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kutenga nawo mbali pa zokambirana za m'nyumbamo. Ngati mwafunsa chifukwa mukulingalira zodzaima, bambo, mundilemberenso, mundiuze zimene mwachitapo kale m'dera lanulo.