Za makoswe wafunsazi, msuweni

Eee, msuweni... iwe msuweni, ndikukuona uli pa intaneti, usathawe. Moni nonse pagulu pano. Akuluakulu pepani, uthengawu utalika, amene bandulo yatsala pang'ono adzamvera mawa. Ndangotsika minibasi pa Kabwata, mukamva mahutala musadabwe.

Funso lako ndaliona m'mawa. Walemba kuti, dikira ndiwerenge... "Kodi n'zoona kuti asayansi amayesa khansa ya m'mawere pa makoswe, ndipo ena amabadwa nayo m'magazi?" Walemba nthawi ili cha m'ma 1 koloko usiku. Iwe! Iwe wogona nkhuku zisanalowe m'khola, amene pa maliro a agogo unafwenthera pamkeka nyimbo yoyamba isanathe, lero uli maso pakati pa usiku kuganiza za makoswe? Chabwino. Ndiyankha za makoswezo, poti biology ndiye imandidyetsa.

N'zoona, koma osati mmene walembera. Khoswe sabadwa ndi khansa ayi. Ndipo si makoswe aja othamanga m'ngalande za ku Soweto Market, ndi oweta m'labotale, mtundu uliwonse uli ndi dzina lake. Mu 1961 dokotala wina wa ku Chicago, Charles Huggins, anaonetsa kuti ukatenga khoswe wamkazi wa mtundu wa Sprague-Dawley, wa masiku ngati 50, n'kumumwetsa kamodzi kokha mankhwala otchedwa DMBA, pakangopita miyezi yowerengeka pafupifupi onse amatuluka zotupa m'mawere. Khoswe ali ndi mawere 12, ndiye amachita kumugwira m'manja n'kumapapasa limodzilimodzi, kuwerenga zotupa. Koma mankhwala omwewo ukampatsa atakula kale, zotupa zimachepa kwambiri. Ndiye kuti msinkhu nawo uli ndi mbali yake, makamaka nthawi imene bere likukula.

Tsono chimene wafunsa chenicheni ndi ichi. Pali mtundu wina, Wistar-Kyoto... ayi, ayi, Wistar-Furth, mayinawa amafanana. Wistar-Furth ndiye wosalimba, amatupa msanga. Wistar-Kyoto ndi wina wotchedwa Copenhagen ndi olimba. Chakudya chimodzi, khola lofanana, mankhwala muyezo umodzi, koma Copenhagen pafupifupi osatuluka kanthu. Ku University of Wisconsin, gulu la Michael Gould linakwatitsa mitunduyi, wolimba ndi wosalimba, ana awo n'kuwakwatitsanso, kufufuza mu DNA, malangizo a thupi amene timatengera kwa makolo, kuti kusiyanaku kwagona pati. Anapeza kuti si malo amodzi. Ndi malo angapo, anawatcha Mcs1, Mcs2, mpaka kupitirira, aliwonse akuwonjezera pang'ono kapena kuchotsera pang'ono. Ngakhale Copenhagen wolimbayo anamupeza ndi malo amodzi, Mcs4, amene amawonjezera zotupa, kungoti enawo amawaposa mphamvu.

Aaa, koma kunena za makoswe chonchi ndakumbuka amalume. Inde, bambo ako aang'ono aja, a ku Katete. Akanamva kuti pali anthu ophunzira amene amalandira malipiro chifukwa choweta makoswe, bwenzi atavula chipewa n'kukhala pansi. Iwo khoswe samafuna n'kumuona komwe, ankati ndi wakuba wa m'nkhokwe. Koma mbewa! Iwe sukudziwa, unali mwana, komanso ndiwe wa m'tauni, mbewa umaidya utatsinzina. Amalume akatha kukolola ankalawira ndi khasu ndi kathumba, kubwera dzuwa litapendeka, thumba lili tho. Ankangoyang'ana dothi n'kunena kuti apa pali kapuku, apa palibe kanthu, musataye mphamvu. Anyamata ankakumba dzenje mpaka m'chiuno osapeza ngakhale mchira, iwo kukumba kawiri katatu basi, yatuluka.

Ndiye chaka chija anabwera ndi amayi aang'ono kuno ku Lusaka, azakhali ako, akudwala khansa ya bere, ukukumbuka unali ku boarding. Anakwera basi ya m'bandakucha. Amalume anavala jekete ija ya pa ukwati wawo, yothina m'mapewa, ndipo pamiyendo ananyamula katoni yomanga ndi mphira ya njinga. Kondakitala akuti ikani kumbuyo, iwo akuti ayi. Pa Luangwa Bridge anthu onse atsika kukagula nsomba, iwo ali phee pampando ndi katoni yawo, dzanja lina lagwira mlongo wawo kuti asatsamire mbali yopwetekayo. Ine ndinakawachingamira pa siteshoni ya mabasi ya Intercity. Ndikuti amalume, ndikunyamulireni, akuti "iwe nyamula mayi ako, izi ndi ndalama." Titafika kunyumba n'kumasula... mbewa. Zowamba bwinobwino, zothira mchere, zili ndandanda pamipani. Nyumba yonse fungo la kumudzi, ana anga kuthawira panja, bambo awo kumeza malovu.

Ankagona pansi pa balaza pathu. Bedi tinawapatsa, anakana, akuti mlongo wanga ali pa bedi la chipatala, ine ndigone pa matilesi ngati ndabwera ku holide? M'mawa uliwonse ankayenda wapansi kuchokera kuno mpaka ku Cancer Diseases Hospital, kuja pafupi ndi chipatala chachikulu cha UTH, nthawi imeneyo chipatalacho chinali chikadali chatsopano, chinatsegulidwa mu 2007. Minibasi ankakana, akuti ndalama ya basi ndi nthochi za wodwala. Ndiye ankaima chapatali ndi geti, katoni pansi, osaitanira ngakhale pang'ono. Anthu a kum'mawa ankangodziwa okha. Munthu wa tayi, nsapato zonyezimira, kuima, kuyang'ana uku ndi uku, kenako pansipansi, "Akulu, za kuti izi?" Iwo, "Za ku Katete, za m'munda mwanga." Basi, mipani iwiri m'chikwama cha ku ofesi. Katoni yonse inatha, ndipo ndalamayo sanagule nayo ngakhale fodya wawo uja. Zonse zinapita ku zipatso, sopo, mafuta odzola, ndi chitenje chatsopano choti amayi aang'ono azifunda alendo akabwera.

Tsiku limene ndikufuna kunena... eee, dikirani ndilowe m'geti, agaluwa. Eya. Tsiku limenelo adokotala anatiitana tonse, ine ndinali womasulira. Anafunsa mofatsa, anali munthu waulemu kwambiri, kuti mayi, kanthuka munakamva liti koyamba? Amayi aang'ono anayang'ana pansi, akupotokola nsonga ya chitenje, akuti, "Mvula ziwiri zapitazo." Mvula ziwiri, msuweni. Akuti sikamapweteka, ndiye ndimati katha kokha, komanso malo ake ndi ochititsa manyazi, ndikanauza ndani. Amalume sanayankhule. Anatuluka, ndinakawapeza kuseri kwa nyumba atakhala pa njerwa, chipewa chili pabondo. Anandiuza kuti, "Una wa mbewa ndimaudziwa ngakhale utatsekedwa ndi dothi. Koma mlongo wanga, khomo lake likuyang'anana ndi langa, zaka ziwiri osadziwa." Kuyambira pamenepo mpaka pamene anatisiya, mukudziwa nonse mmene ankavutitsira akazi a pabanja pathu, kufunsa mopanda manyazi kuti ku kiliniki munapita liti. Ena munkakwiya nawo.

Mapiritsi aja ankamwa amayi aang'ono, tamoxifen, nawonso anayesedwa pa makoswe omwewa m'ma 1970, ndi wasayansi wotchedwa Craig Jordan. Zotupa zambiri za makoswewa zimakula ndi mahomoni achikazi ngati mmene zilili zambiri za anthu, n'chifukwa chake amawagwiritsa ntchito.

Tsono kwa anthu. Mwa odwala khansa ya m'mawere 100 alionse, ndi 5 mpaka 10 okha amene matendawo amachokera ku jini imodzi yamphamvu yotengera kwa makolo, jini ndi kachigawo ka DNA. Zodziwika kwambiri ndi BRCA1, imene inapezeka mu 1994 Mary-Claire King atalozeratu malo ake mu 1990, ndi BRCA2 ya mu 1995. Ena onsewo ndi zija zing'onozing'ono zambirimbiri zija ndanena za makoswe, kuphatikiza msinkhu, mahomoni, mowa, kunenepa munthu atasiya kusamba, ndipo ambiri alibe n'komwe wachibale amene anadwalapo. Koma pali chimodzi chimene ife Achewa chimatisokoneza. Timati mwana ndi wa kuchikazi, mbumba ndi ya amalume, ndiye wina angaganize kuti za azakhali sizimukhudza. Thupi silitsata mwambo umenewo. Theka umatenga kwa mayi, theka kwa bambo. Bambo akhoza kunyamula jini yotere osadwala, mwana aliyense n'kukhala ndi mwayi wa theka woitenga. Ndipo amuna nawonso amadwala khansa ya bere, ngakhale ndi ochepa kwambiri, ndiye achimwene amene mukumvera mwakachetechete, inunso zikukukhudzani. Pabanja pathu palibe anayezetsapo DNA, choncho palibe anganene kuti tili nayo. Chimene chilipo ndi mbiri, ndipo mbiriyo adokotala amafuna kuimva.

Msuweni... ine sindikukhulupirira kuti makoswe ndi amene anakulanda tulo. Sindikufunsa pagulu pano, bambo ako akumva, ndipo si za pagulu. Mwina wangoopa poti wafika zaka zimene umayamba kuwerengera za azakhali. Mwina pali kanthu wakamva posamba. Ngati ndi choncho, imva bwino: zotupa zambiri za m'mawere, makamaka kwa akazi a msinkhu wako, si khansa. Koma zala zako sizingasiyanitse, zanganso sizingathe, intaneti nayonso singathe. Ndipo usadikire kuti kapweteke, chifukwa khansa ikamayamba nthawi zambiri sipweteka. Kanthu kolimba, mwanabere m'khwapa, nsonga ya bere kulowa m'kati, magazi kutuluka, khungu kukhwinyata kapena kusintha, chilichonse mwa zimenezi, tiye ku kiliniki sabata ino. Anesi amapapasa, akaona kuti pakufunika amakulembera kalata ya sikani, mwina kutenga kanyama kakang'ono kokayeza. Ikapezeka msanga nthawi zambiri imachizika, anthu amachira n'kulera zidzukulu zawo.

Ndikunenanso, poti ndimakudziwa, umayankha "eya sisi" kenako mwezi watha. Sabata ino, osati mwezi wa Okutobala pamene aliyense wavala kariboni ka pinki. Ngakhale ulibe chimene wamva, pita ukawauze kuti azakhali anga anadwala ali ndi zaka zakuti, iwo akuuze kuti uziyezetsa kuyambira liti komanso kangati. Ineyo ndimapita chaka chilichonse, poti anali mng'ono wa amayi anga, magazi ndi omwewo.

Lachiwiri m'mawa ndilibe kalasi. Ndibwera ku Chilenje ndidzakutenge, tipitire limodzi, ndipo usandiuze za kuntchito, abwana ako ndiwaimbira ndine. Utenge chiphaso chako cha NRC ndi kadi ya inshulansi ya zaumoyo ya NHIMA, uvale bulauzi yosavuta kuvula, osati madiresi ako a zipi ya kumbuyo aja ofuna anthu atatu. Undiyankhe ku inbox, osati pano.

Ndipo amalume aakulu, bambo ake a mwanayu, pepani ndakutchulani pagulu. Chonde tithandizeni kukumbuka: amayi aang'ono anayamba kudwala ali ndi zaka zingati, komanso achemwali awo a agogo aja a ku Chadiza, amene ankati anali ndi bala la pachifuwa losapola, linali mbali iti ndipo anali a msinkhu wanji? Mundiimbire madzulo ano ndilembe papepala, tidzapite nalo Lachiwiri.