Mjigo ukathyoka, adzaukonza ndani?

Mayi wina wanditumizira imelo yofunsa kuti: "Achimwene, anthu olemera ndi mabungwe awo akhala akuthira ndalama zankhaninkhani mu Africa, koma umphawi uli pomwepo. Kodi thandizoli limatukuladi anthu, kapena likungotizoloweretsa kupemphapempha?"

Zikomo mayi. Ine ndikamva za thandizo, sindiyamba ndafunsa kuti ndi ndalama zingati. Ndimafunsa kuti eni ndalamawo akadzanyamuka, chinthucho chidzatsala m'manja mwa yani.

Mwina mudamvapo za PlayPump. Unali mjigo wa mtundu wina: ana akamasewera pozunguza chigudumu, madzi ankakwera m'thanki. Mu 2006 boma la America ndi bungwe la Case Foundation adalonjeza ndalama zambiri kuti mijigoyi ifalikire. Pazithunzi zinkaoneka zokoma zedi! Koma mwana sasewera tsiku lonse, ndiye amayi, ena okalamba ndithu, ndiwo ankakankha chigudumucho m'mawa ndowa zili pamzere. M'madera ena ku Mozambique ndi ku Malawi adachita kuzula mijigo yomwe inkagwira bwino ntchito kuti aikepo yatsopanoyi. Ikawonongeka, zida zake zinali zosowa. Pamene mjigo wamba wa Afridev uja, komiti ya pamudzi imasonkherana timakobiri, kugula labala, n'kukonza yokha.

Komabe ndikanama ndikanena kuti thandizo lonse n'lachabe. Mu 2020 Africa idalengezedwa kuti yathana ndi poliyo wachilengedwe, ndipo ndalama za bungwe la Rotary ndi za Gates Foundation, bungwe la mpondamatiki wa ku America Bill Gates, zidathandiza kwambiri. Koma taonani: katemerayo ankayenda naye khomo ndi khomo ndi azaumoyo akomweko, anthu odziwa njira komanso chiyankhulo.

Enanso amaiwala kuti opereka si azungu okha. Tony Elumelu, mpondamatiki wa ku Nigeria, adayamba mu 2015 kupatsa achinyamata mpamba wa madola 5,000 aliyense kuti ayambe bizinesi. Ena zimawakanika, inde, koma amene zamuyendera sadikiranso galimoto ya bungwe.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti chitsime cha thandizochi chikuphwa. USAID, bungwe la boma la America lothandiza mayiko ena, lidatsekedwa mu 2025, ndipo Bill Gates wanena kuti bungwe lake lidzatseka mu 2045. Choncho mayi, bungwe likadzabwera kwanuko ndi chitukuko, pamsonkhano woyamba pomwepo imikani dzanja mufunse kuti zida zake zimagulidwa kuti, ndipo aphunzitsa ndani kukonza.